Kalavani yaing'ono: tinyamule chiyani, tisiye chiyani?

Funso lachokera kwa mayi wina amene amakhala ku Leeds, ku England, ndalifupikitsa pang'ono: "Ine ndi abambo akunyumba tasunga kandalama tikufuna kugula kalavani yaing'ono yogwirapo kale ntchito kuti tizizungulira nayo pa tchuthi, tili ndi mwana mmodzi wazaka 7. Vuto ndi loti abambo akuti tigule kakang'ono kopanda zambiri, bola pogona, pomwe ine ndikufuna mukhale toileti, shawa, maikirowevu ndi hita, sindikufuna ndikavutike pa holide. Galimoto yathu pa mapepala imalemera 1,400 kg. Tipange bwanji kuti tonse tisangalale?"

Zikomo mayi chifukwa cha funso lanu. Ine ntchito yanga ndi yokonza makalavani, tinyumba ta matayala tokokedwa ndi galimoto tija, komanso ndili ndi yanga yaing'ono imene timayenda nayo ndi mayi akunyumba, nde mkangano mukunenawu ndimaumva pafupifupi sabata iliyonse, anthu akukangana ataima pakhomo pa kalavani imene sanaigule n'komwe. Ndikuuzeni chilungamo, nonse awiri mukunena zoona koma aliyense wagwira mbali imodzi. Abambowo akuwopa kulemera ndi chintchito, inu mukuwopa kuzizira ndi kutuluka panja usiku. Zonsezo ndi zenizeni. Chimene chingakuweruzeni bwinobwino ndi sikelo ndi wotchi basi, chifukwa chilichonse chimene mwalowetsa mu kalavani mumachilipira kawiri, makilo pa msewu ndi mphindi zochikonza mukafika.

Tiyambe ndi makilowo, poti mwachita bwino kunditumizira kulemera kwa galimoto. Kuno ku UK pali langizo limene mabungwe a za makalavani amapereka kwa ongoyamba kumene, loti kalavani itadzaza isapitirire 85 pa 100 ya kulemera kwa galimoto yopanda katundu. Si lamulo la boma ayi, ndi langizo, koma ine ndimalilemekeza kwambiri. Kwa inu ndiye kuti 1,190 kg. Muonenso m'buku la galimoto yanu kuti opanga analoleza kukoka makilo angati, pamenepo ndiye palibe kukambirana, simudutsapo. Tsono mukapita kokaona kalavani muyang'ane kachitsulo kolembedwa kamene kamakhala pafupi ndi chitseko, pamakhala manambala awiri ofunika. MIRO ndi kulemera kwake m'mene inachokera ku fakitale, MTPLM ndi malire ake itadzaza. Mukachotsera yoyambayo pa yachiwiriyo, zotsalazo ndi zimene mwaloledwa kunyamula, ndipo pa makalavani ang'onoang'ono ambiri zimangokhala cha m'ma 150 kg.

150 kg imamveka yambiri eti? Tiyeni tiwerengere limodzi. Batire la kalavani lija la mtovu ndi makilo 25 kapena kuchepera pang'ono. Motor mover, timamota toyendetsa kalavani ndi rimoti ija, imadya cha m'ma 30. Awning, tenti yomata m'mbali mwa kalavani, yaikulu ndi mapaipi ake imafika 30 mosavuta. Botolo lachiwiri la gasi la 6 kg litadzaza ndi pafupifupi 15 chifukwa chitsulo chake n'cholemera kuposa gasi ali m'katimo. Tafika kale pa 100 musanaikemo ndi kabudula wa mwana yemwe, mapoto, zofunda, nsapato za anthu atatu, chakudya. Apa ndi pamene abambo akunyumba akunena zoona.

Ulendo wanga woyamba ndinaphonya pomwepa. Ndinalongeza ngati tikusamuka, thumba la ufa la 10 kg, mpunga, mipando inayi tili anthu awiri, mpaka poto wamkulu wa pa zikondwerero, ndipo zolemerazo ndinaziika kumbuyo kwenikweni pansi pa bedi chifukwa ndi komwe kunali malo. Tikutsika chitunda pa motorway lole inatipitirira, mphepo yake inangokankha kalavani pang'ono, basi inayamba kugwedeza mchira uku ndi uku, chiwongolero ndikuchimva kupepuka m'manja. Mayi akunyumba anangoti zii atagwira lamba ndi manja awiri. Ndinachotsa phazi pa mafuta pang'onopang'ono osaponda buleki, chiwongolero nditachigwira chowongoka, mpaka inakhazikika. Titaima pa malo opumira miyendo yanga inkanjenjemera. Kuyambira tsiku limenelo zolemera zonse zimakhala pansi, pakati, pamwamba pa matayala, makabati a m'mwamba ndi a zovala ndi zopepuka zokhazokha, ndipo zolemera kwambiri monga awning ndi zakumwa zimakwera mu buti ya galimoto. Kutsogolo pa cholumikizira paja pafunikanso pazilemera moyenera, cha pakati pa 5 ndi 7 pa 100 ya kulemera konse, osadutsa malire a towbar yanu, chitsulo chokokera cha kumbuyo kwa galimoto chija. Mutha kupima ndi sikelo ya kubafa ndi kamtengo, sizifuna zida zodula.

Tsopano tibwere kwa inu mayi, chifukwa pa zinthu zinayi mwatchulazo, ziwiri ndili kumbali yanu ndi mtima wonse, ziwiri zinazo ndikupemphani muzisiye.

Toileti musagonje. Olo abambo anene bwanji. Anthu amene amati toileti ya pa saiti, malo olipira oimikapo makalavani, ndi yokwanira amakhala akuganiza za masana dzuwa likuwala, sakuganiza za 3 koloko usiku mvula ikugwa cham'mbali, mwana akukugwedezani kuti amama ndikufuna kukodza, inu muyambe kusaka jekete, nsapato, tochi, kenako muyende pa udzu wonyowa mpaka ku mabafa. Mukachita zimenezo mausiku atatu otsatizana kalavani ija mudana nayo mpaka kale. Makalavani ambiri ang'onoang'ono ali ndi kachipinda ka toileti ya kaseti, zambiri ndi za Thetford, thanki yake imasololoka cha kunja n'kukataya pa malo ake otayira. Kameneko n'kokwanira. Mabanja ambiri amagwirizana kuti ya m'kati ndi ya usiku ndi ya zazing'ono, zazikulu ku mabafa a pa saiti, ndiye kutaya kumakhala kosavuta ndipo mumatha masiku awiri atatu. Mugwirizanenso muli kunyumba kuti wokataya ndi ndani.

Hita nayonso ndi yofunika, dziko lino olo mu July usiku kumatha kuzizira, makamaka ku Scotland ndi ku Lake District. Koma mugule kalavani imene hita yake ndi yomangiramo kale, ya Truma kapena Whale ndi zimene mungazipeze kwambiri, yoyendera gasi ndi magetsi, imene utsi wake umatulukira panja. Ndipo pano ndilankhule motsindika chifukwa ife tinakulira pa mbaula ndipo timaiona ngati chinthu chapakhomo. Mbaula ya makala, kaya ka barbecue kotaya kaja, isalowe mu kalavani kapena mu awning, olo makala akuoneka ngati azima. Musayatsenso chitofu cha gasi kuti chikutenthetseni. Mpweya wa carbon monoxide sununkha, suoneka, munthu amangogona osadzukanso, ndipo m'kachipinda kakang'ono chonchi umadzaza msanga. Alamu ya mpweya umenewu ndi yotchipa, igulidwe tsiku lomwe mwagula kalavani, muziiyesa ulendo uliwonse. Timabowo tolowetsa mpweya tili pansi ndi padenga musatitseke ndi nsanza ati kukuzizira, anatiika dala. Pa gasi, ngati muziyenda nyengo yozizira tengani propane, wa botolo lofiira ku kampani ya gasi ya Calor, chifukwa butane wa botolo labuluu kukayandikira 0 digiri amakana kutuluka, mudzuka m'mawa chitofu osayaka botolo lili lodzaza.

Shawa ndiye ndikuti isiyeni, kapena ikhalepo koma musaiwerengere. Chifukwa chake ndi madzi. Kalavani yambiri kuno ilibe paipi yochokera ku mpopi, madzi mumakatunga nokha ndi chimgolo chogubuduza chija cha Aquaroll, malita 40, ndipo madzi akuda amagwera m'chigubu china chimene mukachikokenso kukataya. Thanki ya madzi otentha pa makalavani ambiri ndi ya malita 10 okha. Ndiye anthu atatu kusamba, wina ayambe wagubuduza mgolo kawiri, wadikira madzi atenthe, kenako apukute makoma onse a kabafako chifukwa chinyontho ndi mdani wamkulu wa kalavani. Pomwe pa saiti yabwino pali mabafa a madzi otentha amene mwawalipira kale mu mtengo wa malo. Makasitomala anga ambiri shawa yawo inasanduka posungira majekete onyowa ndi nsapato, ndipo kunena zoona ntchito imeneyo imaigwira bwino kwambiri. Bafa lalikulu la kumapeto kwa kalavani limawonjezera utali ndi makilo, 1,190 yanu ija muidutsa.

Maikirowevu ndi nkhani ya magetsi. Pa saiti mumalumikiza chingwe pa kamtengo ka magetsi kaja timati hook-up, malo ambiri amapereka 16 amp, ena 10, ndipo mukawolokera ku France mupeza ena a 6 okha. Pa 230 volts, 16 amp ndi mawati 3,680, 10 amp ndi 2,300, 6 amp ndi 1,380. Ketulo ya kunyumba payokha imadya mpaka 3,000. Ndiye tangoganizani hita ili pa magetsi, firiji ikuyenda, chaja ya batire ikukoka, wina wayatsa maikirowevu, magetsi thii, mutuluke mu mdima kukadzutsa switchi pa kamtengo, malo ena mpaka mukagogode kwa woyang'anira. Gulani kaketulo ka mawati ochepa, kosafika 1,000, kapena ya pa chitofu yoimba mluzu ija. Maikirowevu ngati yabwera kale ndi kalavani chabwino, koma musasankhe kalavani chifukwa cha iyo, ndipo pa malo opanda hook-up ndi bokosi chabe lodya malo.

Pali chinthu chimodzi chimene simunachitchule koma kwa ine chimaposa zonse, bedi. Munthu akagona bwino zina zonse amapirira. Mu kalavani yaing'ono mipando ya kutsogolo ndi imene imasanduka bedi, mumakoka timatabwa pakati n'kuyala makushoni, usiku uliwonse, m'mawa n'kuphwasulanso. Makushoni a kalavani yakale amakhala atafwifwa pokhalira, ndiye msana umagwera pa mpata wa pakati pa awiri. Apa ndi pamene ndimauza anthu kuti musaumire ndalama kapena makilo. Kamatiresi kopyapyala koyala pamwamba, duveti yeniyeni ya kunyumba, mapilo anu omwe mumagonera masiku onse. Pokagula, musachite manyazi, pemphani ayale bedi, mugonepo nonse awiri, abambowo atambasule miyendo aone ngati sikugunda khoma. Ndipo poti muli ndi mwana, funani yokhala ndi katebulo kena ka m'mbali kapena kumbuyo kosanduka kabedi kake. Mwana wazaka 7 amagona 8 koloko, inu mukufuna mukhalebe muzicheza ndi tiyi. Ngati pogona pake ndi pomwe pali mpando wanu, nonse mugona 8 koloko kapena nonse mugona 11, ndipo mawa lake muona nkhope. Chenjerani ndi makalavani olembedwa kuti ndi a anthu awiri, amenewo atatu simukwanamo mwaulemu. Eriba ya ku Germany ya denga lotukula ija ndimaikonda, imakokeka bwino ndipo ili ndi mitundu ina ya anthu atatu, koma olo yakale mtengo wake sutsika kwenikweni. Za Swift, Bailey ndi Elddis zakale zilipo zambiri pa msika, zida zake sizisowa.

Za kuphika ndinenepo poti ndikudziwa kuti sabata yathunthu popanda nsima sizitheka. Nsima imaphikika bwinobwino pa chitofu cha kalavani, koma nthunzi ya phala likamabwata imakwera m'makabati, m'makatani, mawindo onse amalira misozi, ndiye tsegulani windo la kukhitchini ndi ka padenga nthawi zonse mukamaphika. Usipa kapena kapenta ndiye musakazingire m'kati chonde, fungo limalowa m'makushoni omwe mugonere usiku ndipo limakhala miyezi. Ife tili ndi kachitofu kakang'ono ka gasi kophikira panja pa katebulo, pamtetete, zokazinga zonse zimathera komweko. Mapoto awiri, chiwaya chimodzi, mthiko, chipande, mbale zitatu, makapu atatu, mpeni umodzi wakuthwa. Ufa pimani wa masiku amene mukhale muike m'kachidebe kotseka. Zina zonse mukagula komweko, kulikonse kuno kuli shopu. Firiji ya kalavani muiyatse dzulo lake pa magetsi kuti izizire, chifukwa pa 12 volts ya galimoto imangosunga kuzizira kumene kulipo kale, komanso imafuna kalavani itaima mowongoka, ikapendekeka sigwira bwino ntchito.

Awning ndi pamene mabanja ambiri amayambanirana pa saiti anthu akuonerera. Yaikulu imakupatsani chipinda china chathunthu, zoona, koma kuimika ndi ola kapena kuposa, zikhomo zambirimbiri, ndipo mukaipasula itanyowa mukaiyanikenso kunyumba apo ayi ichita nkhungu. Funso ndi loti mumayenda motani. Ngati mukukakhala malo amodzi sabata yonse, ikhoza kukhala ya phindu. Ngati mukugona mausiku awiri apa, awiri apo, tengani kakang'ono ka pakhomo kopopa ndi mpweya, kongokwana nsapato, majekete ndi mipando iwiri. Ine muyeso wanga ndi uwu, kuchokera pamene ndazimitsa injini mpaka pamene ndakhala pansi ndi kapu ya tiyi pasadutse mphindi 30. Chinthu chikamandidutsitsa pamenepo ndimayamba kuchikayikira. Motor mover pa kalavani ya makilo 1,100 anthu awiri athanzi mutha kukankha ndi manja pa malo afulati, koma ngati pakhomo panu pali chitunda kapena wina ali ndi vuto la msana, makilo 30 amenewo ndi oyenera kuwalipira.

Ubwino wa kakang'ono umaonekera pa msewu ndi pa malo ogona. Caravan and Motorhome Club, imene inayamba mu 1907, ili ndi timalo tating'ono totchedwa CL, nthawi zambiri pa mafamu, tololedwa makalavani asanu okha. Camping and Caravanning Club nayo ili ndi totere totchedwa CS. N'totchipa, n'tabata, mwana amaona nkhosa pafupi, koma tambiri tilibe mabafa ndipo tina tilibe magetsi, mpopi ndi potayira basi. Mukuona tsono chifukwa chake ndaumirira toileti ndi hita ya gasi? Ndi zimene zimakutsegulirani malo oterewa. Pa maulendo otere, beseni ndi ketulo ya madzi otentha zimagwira ntchito, tonse tinasambapo choncho. Langizo langa ndi loti muzisakaniza, mausiku awiri pa famu, kenako pa saiti yaikulu ya mabafa ndi makina ochapira.

Pa msewu kumbukirani kuti mukukoka malire ndi 60 mph pa motorway ndi pa dual carriageway, msewu wogawidwa pakati uja, 50 pa misewu ina ya kunja kwa tauni, ndipo pa motorway ya mizere itatu kapena kuposa simuloledwa mu mzere wa kumanja kwenikweni. Magalasi owonjezera a m'mbali ndi ofunika mwalamulo ngati kalavani ndi yotambalala kuposa galimoto, ndipo munthu sakwera mu kalavani ikuyenda, olo mwana alire bwanji. Kuyambira pa 16 December 2021, ku England, Scotland ndi Wales munthu wa laisensi ya galimoto wamba amaloledwa kukoka ngolo mpaka 3,500 kg popanda mayeso ena, koma ndikupemphani nonse awiri mukachite kosi ya tsiku limodzi kapena awiri yophunzira kukoka ndi kubwerera m'mbuyo, mabungwe awiri aja amaphunzitsa. Nonse awiri ndithu, tsiku lina abambo adzadwala muli kutali. Musakhulupirirenso mapu a pa foni mwachimbulimbuli, iwo sadziwa kuti mukukoka. Kufupi ndi kwanu komweko, popita ku Scarborough kudzera A170 pali chitunda cha Sutton Bank pomwe makalavani ndi oletsedwa, pali njira yolambalala yoikidwa zikwangwani. Ku Lake District musayerekeze Hardknott Pass, ku Scotland musakwere nayo Bealach na Bà ya ku Applecross. Siyani kalavani pa saiti mukazione ndi galimoto yokha. Mukadzapita cha ku Glasgow mudzamutengere mwanayo ku Blantyre wa kumeneko, kumene kunabadwira David Livingstone, akaone kumene dzina la mzinda wathu linachokera.

Pogula yakale, maso anu asakhale pa makatani okongola. Chimene chimapha kalavani ndi chinyontho cholowa m'makoma. Mukangolowa nunkhizani, ngati mukumveka fungo la nkhungu kapena mwapoperedwa perefyumu wambiri, samalani. Tsegulani makabati a m'makona, dinani khoma pansi pa mawindo ndi chala, likamabonyoka ngati siponji tulukani. Kamakina kopimira chinyontho kakawerenga pansi pa 15 pa 100 zili bwino, kakadutsa 20 pakufunika kufufuza. Pemphani mapepala a sevisi ya chaka ndi chaka. Chitani CRiS check ndi nambala ya zilembo 17 imene imalembedwa pa mawindo, kuti mudziwe ngati si yobedwa kapena ya ngongole, ndipo musatumize dipoziti kwa munthu wa pa Facebook musanaione ndi maso. Matayala onani deti, manambala anayi a m'mbali, awiri oyamba ndi sabata awiri otsiriza ndi chaka. A kalavani amakalamba asanathe mapazi chifukwa amangokhala padzuwa, akakwana zaka 5 sinthani, asadutse 7. Musaiwalenso kuwerengera kosungira ngati pakhomo palibe malo, inshuwalansi ndi sevisi, zimenezi zimabwera chaka chilichonse olo kalavani isayende.

Mukaigula, ulendo woyamba usakhale wa ku Cornwall. Pitani pafupi, ku Yorkshire Dales kapena cha ku York, ola limodzi kuchokera kunyumba, mausiku awiri, pa saiti yokhala ndi mabafa ndi hook-up. Musanalowe mu msewu waukulu dutsani pa weighbridge, sikelo ya magalimoto ija, mupime kalavani itadzaza muone ngati muli pansi pa MTPLM. Tengani kakope ndi cholembera mukasiye pa tebulo. Tsamba limodzi aliyense azilemba chimene wachisowa, mwana yemwe alembe zake, tsamba linalo mudzalembe pobwerera zonse zimene simunazigwire n'komwe. Zimene zalembedwa pa tsamba lachiwirilo maulendo awiri otsatizana zitsike, kupatula bokosi la mankhwala, chozimira moto, tochi ndi tayala la sipeya. Mukabwerako mundilembere zimene zatuluka pa masamba awiriwo ndi nambala imene sikelo yakupatsani, tidzaone limodzi ngati pali malo a awning.